Seva ya Damiano nayo imasamukira kumtunda

Damiano ndi munthu wamfupi, wa mawu ochepa, ndipo akamakonza foni amatulutsa kansonga ka lilime ngati mwana wa sitandade wani. Kabenchi kake kali pansi pa mtengo wa nimu, pamsika wina kwa Mlolo. Bambo ake anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ndipo pothawapo anasiyana ndi mlongo wawo padoko. Mpaka kumwalira kwawo ankafunsa aliyense wochokera kutsidya ngati anamuonako. Damiano anakula akumva funso limenelo, n'chifukwa chake nkhani ya munthu wosadziwika komwe ali imamudwalitsa.

Madzi akasefukira, anthu a ku Makhanga amawoloka pa mabwato n'kukaunjikana m'masukulu a kumtunda, mafoni atanyowa kapena atatha moto. Abale awo a ku Blantyre, ku Joni ndi ku Beira amangoimba osayankhidwa. Ndiye Damiano anadziphunzitsa kupanga tsamba la pa intaneti loti aziikapo chithunzi cha aliyense wotsika m'bwato. Tsamba limafuna pokhala, ndipo pokhala pakepo ndi seva, kachigawo ka kompyuta yaikulu ya kampani yakutali kamene munthu amachita lendi. Zilipo zazing'ono, zapakati ndi zazikulu.

Apa mpamene mkulu wathuyu anaphonya. Anasankha seva mu Okutobala, Shire ataphwa, pamene otsegula tsambalo anali iye, mkazi wake Esinala ndi abusa basi. Kaseva kochepetsetsa kankathamanga bwinobwino, mwiniwake n'kumayenda chifuwa chili patsogolo.

Madzi atabwera, abale onse anatsegula tsambalo nthawi imodzi, kasevako n'kukomoka. Ku Limbe kunali Glory, wogulitsa m'sitolo, amene ankasaka mayi ake, a Emelia. Anamva mphekesera zoti bwato lina lagubuduzika, tsamba silikutseguka, mpaka anzake okhala nawo m'nyumba za lendi anayamba kubwera kudzamukhazika pansi ngati pamaliro. Pamenepo n'kuti a Emelia ali pasukulu, ali moyo, Damiano atawajambula kale akukangana ndi wopalasa bwato chifukwa cha nkhuku zawo.

Glory atafika patapita masiku, sanakalipe. Anangomufunsa kuti, "Achimwene, chithunzicho munali nacho nthawi yonseyi?"

Funsolo linamubaya Damiano, moti analumbira kuti atenga seva yaikulu kuposa zonse.

"Muziilipira chaka chonse kuti muzionerapo inu ndi abusa?" anatero Esinala. "Pofika nthawi ya mvula mudzakhala mutatopa, adzakutsekerani, ndiye anthu adzaona chiyani?"

Ankanena zoona, ndipo zinamupweteka mutu miyezi yambiri. Yaing'ono imagwa, yaikulu sangaikwanitse. Yankho linamupeza ali ndi mbuzi m'manja. Banja lawo, monga mabanja ambiri kumeneko, lili ndi malo awiri: khumbi kudimba m'mbali mwa mtsinje, ndi nyumba kumtunda. Mitambo ikayamba kuda, amasamutsa ziweto ndi mbewu osadikira madzi. Ali mkati mokoka mbuzi yamakani, anadzifunsa kuti bwanji seva yokha izikhala malo amodzi chaka chonse. Anafunsa akampani aja, ndipo anamuyankha kuti n'zotheka kuikulitsa ikafunika n'kudzaibwezera pansi pambuyo pake.

Ulendo uno sanafune zongoganiza. Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anasonkhanitsa akwaya, amvano ndi aliyense wa foni yaikulu, n'kuwauza kuti akakweza dzanja atsegule tsambalo onse pamodzi. Kaseva kakang'ono kanagwa pomwepo, amayi n'kuseka mpaka misozi. Atayesa yapakati, inapirira, makamaka atachepetsa kulemera kwa zithunzi. Komabe pokumbukira kuti a ku Joni ndi ambiri kuposa akwaya, anasankha yoposerako pang'ono, ya miyezi ya mvula yokha. Anaikulitsa tsiku lomwelo limene anasamutsa mbuzi zotsala.

Madzi anabweradi, ndipo a Emelia, amene dimba lawo salisiya mpaka madzi afike m'mawondo, anatsikanso m'bwato lomaliza m'mawa wina. Damiano anawajambula, n'kutumiza chithunzicho patsamba. Anaona kuti otsegula akuchulukirachulukira, iye mtima uli m'mwamba, kudikira kuti tsamba lizime. Silinazime.

Foni inalira. Anali Glory.

"Ndawaona, achimwene. Takhuta, zikomo kwambiri. Koma auzeni avale juzi, aima pamphepo."

Damiano anangokhala pansi pamatope pomwepo, n'kupuma mpweya wautali. Anakumbukira bambo ake, amene anafunsa moyo wawo wonse popanda wowauza mawu oti 'ndamuona'. Kenako anapukuta m'maso, n'kupita kukawauza a Emelia za juzi.