Mchere wa Cletus

Anzanga, ine ndinakumana ndi Cletus nditagwa chagada mumtsinje, mbatata zanga zikupita ndi madzi. Iye m'malo mondidzutsa, anathamangira mbatatazo!

"Iwe, munthu ndi mbatata chofunika n'chiti?" ndinakalipa.

"Munthu amadzuka yekha, chemwali. Mbatata sizidziwa kusambira."

Ndinaseka mpaka kuiwala bondo lotupa.

Chinali chaka chachitatu cha nkhondo kwathu pachilumba cha Bougainville, ine ndili ndi zaka 19. Mudzi wathu wa pamwamba pa phiri unali mbali ya anyamata a m'tchire olimbana ndi boma, ndipo mchimwene wanga Ambrose anali mmodzi wa iwo. Anthu a kwa Cletus, kuseri kwa phiri lomwelo, anatsikira kumsasa wa boma kunyanja. Anthu opemphera tchalitchi chimodzi, okwatirana kuyambira kale, tsopano tinkanenana kuti ogulitsa anzawo.

Koma mtima sumva zimenezo...

Ndinamusonyeza kanjira ka m'nsungwi komwe akazi tinkadzera popita kuminda. Lachisanu lililonse masana ankabwera ndi kamchere m'tsamba la nthochi. Ife kumapiri tinali titatha zaka ziwiri osaulawa, njira zonse zitatsekedwa.

Tsiku lina Ambrose analawa ndiwo n'kusiya kutafuna.

"Skola, mcherewu wachokera kuti?"

"Ndi misozi yanga, achimwene. Ndimakulirani mukakhala kutchire."

Anandiyang'anitsitsa... kenako anapempha ndiwo zina!

Cletus naye pakamwa sankatopa.

"Nkhondo ikangotha ndikukwatira. Ndidzamanga nyumba pabwalo la amayi ako, alamu anga afune asafune."

"Uli serious? Ambrose adzakuwotcha ngati nkhumba."

"Bola udzadyeko iwe."

Miyezi isanu ndi itatu ndinali munthu wosangalala pakati pa nkhondo, anzanga, mopanda manyazi.

M'mawa wina asilikali anatulukira m'kanjira komwe kaja. Tonse tinathawira m'nkhalango, sanafe munthu, koma nyumba zathu zinapsa.

Lachisanu Cletus anafika ali wefuwefu.

"Skola, uli moyo! Ndamva kuti..."

"Choka! Wakunja amene ndinamuuza njira ija ndiwe wekha."

"Tandimvera kaye, amene..."

"Ukadzapondanso kuno ndikamuuza Ambrose."

Ankadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Anatembenuka n'kumapita.

Patapita zaka mtendere utabwera, midzi iwiriyo inakumana pamwambo woyanjana. Anathyola mauta, anapha nkhumba, anthu n'kumaulula zomwe anachita. Mwadzidzidzi azakhali anga a Perpetua anaimirira.

"Ndinali ine. Mwana wanga ankafa ndi malungo, ndinatsikira kumsasa kukapempha mankhwala. Pobwerera asilikali ananditsatira. Mnyamata uyo anandiona, koma sanandiulule."

Ankaloza Cletus.

Anali atakhala pamthunzi, khanda lili m'manja, mkazi wake pambali. Ndinapita pomwe anali.

"Cletus, pepa."

"Zinatha, Skola," anamwetulira. "Koma iwenso pakamwa! Ukanangondilola kumaliza mawu anga."

"Bwanji sunakauze anthu ena?"

"Kuti azakhali ako awaphe?"

Mkazi wake anandisunthira malo pamphasa, munthu wabwino mpaka kukwiyitsa. Ndinadya nawo nkhumba, ndinaseka nawo, misozi ndinakalirira kunyumba.

Anzanga, munthu amene mumamukonda akati tandimvera kaye, khalani pansi mumumvere. Ine ndinaluza mwamuna chifukwa cha mphindi imodzi yomwe ndinamumana.