Injini Yotawaza Lachisanu

A Selemani, dalaivala wa pa sitolo ya nsalu ya a Dawood m'tauni ya Zomba, ndi munthu wosakhulupirira ngakhale mthunzi wake. Mukawapatsa moni kawiri tsiku limodzi, amayamba kusinkhasinkha kuti mukufuna chiyani. Madzulo akaimika galimoto kuseri kwa sitolo, ankatsamiritsa kachitsotso ka machesi ku tayala, kuti m'mawa adziwe ngati wina waisuntha.

Ntchitoyi anaiyamba ali ndi tsitsi lakuda, nthawi ya malemu bambo ake a Dawood, akuyendetsa galimoto yakale ya Pijo. Mkulu ameneyo ndiye anawaphunzitsa kuti dalaivala amadziwika ndi injini, osati malaya. Ndiye Lachisanu lililonse asanapite ku mzikiti, a Selemani ankatseka chipata cha kuseri, chifukwa boneti yotsegula safuna ionedwe ndi maso a anthu, n'kukoka paipi ya madzi, kuitsuka injini ndi sopo mpaka iwale. "Ine ndikatawaze, ndiyere pokapemphera, galimoto ikhale ndi litsiro?" ankatero mumtima. Pijo ija inakalamba n'kugulitsidwa, kunabwera galimoto ya ku Japan yopanda kilatchi, yodzaza mawaya. Mwambo wa Lachisanu sunasinthe.

Mavuto anayamba chaka chimene Medson anatenga laisensi. Medson anali wonyamula mabelo a nsalu pa sitolopo, bambo wa ana ake ndithu, woyandikana nyumba ndi a Selemani ku Matawale. M'mawa ankatsuka khonde la sitolo ndi paipi yomwe ija. Tsiku limene anaonetsa laisensi yake akumwetulira, a Selemani anamuyamikira pakamwa pokha.

Posakhalitsa injini inayamba kulira mokweza galimoto ili chiimire. Phazi lili pansi, faya osaponda, koma kamuvi ka pa dashibodi kali m'mwamba ngati munthu akukwera chitunda. Nthawi zina kankatsika, kenaka n'kudumphanso. Akaika giya, galimoto inkachita kudzuka ndi mphamvu, ndipo petulo ankatha ngati thanki yabooka. Makaniko wina wa zakale anafunafuna kasikulu kochepetsera moto monga zinkakhalira pa Pijo, sanakapeze, anangopukuta manja n'kunena kuti magalimoto a masiku ano ndi amatsenga.

Lamlungu lina a Selemani anatenga mayi Fatma, amayi ake a Dawood, kupita nawo kuphiri kukapitidwa mphepo ndi kugula mabulosi, monga ankachitira kawirikawiri. Pokwera zinayenda. Potsika, galimoto inayamba kudzikoka yokha. A Selemani anakanikiza mabuleki mpaka fungo la chinthu chopserera linalowa mkati, ndipo pa kona ina anatsala pang'ono kupsopsona njinga ya bambo wina amene ankatsika ndi mtolo wa nkhuni. Mayi Fatma anafika kunyumba n'kufotokozera mwana wawo zonse, mabulosi ali mbwee pansi pa mpando.

"A Selemani," anatero a Dawood m'mawa mwake, "mwina mwendo wayamba kulemera. Ukalamba si mlandu. Medson ali ndi laisensi tsopano, akhoza kumakupumitsani."

Mawu amenewo anawalasa a Selemani pamtima. Makiyi a galimotoyo ndiwo anali ulemu wawo wonse m'Zomba muno. Ndipo mwadzidzidzi zonse zinagwirizana m'mutu mwawo. Kodi si Medson amene ankasuzumira pa dashibodi n'kumafunsa kuti kanyali aka n'kachiyani? Kodi sanapeze kachitsotso kawo katagwa m'mawa wina, Medson ali pomwepo?

"Bwana, galu wamkota sakandira pachabe," anayankha. "Mwendo wanga ulibe vuto. Alipo akuigwiragwira galimotoyi kuti ine ndioneke wotha ntchito. Wallahi, injini siingayambe misala mwezi womwe munthu watenga laisensi."

Medson anakana mpaka misozi, koma mawu a munthu amene watumikira banja kuyambira nthawi ya bambo amalemera. A Dawood anamuuza kuti akayambe wakhala kunyumba. Ku Matawale mkazi wake Loveness anasiya kuwapatsa moni a Selemani pa mpopi, ndipo iwo anati ndiwo umboni wake umenewo.

Koma Medson kulibe, kachitsotso kali chilili m'mawa uliwonse, injini ikuliralirabe. A Selemani anaganiza kuti mwina Medson anasulitsa kiyi wake. Anayamba kumachotsa waya wa batire poweruka. Sizinathandize.

Pamapeto pake a Dawood anawatengera kwa mayi Loyce, wodziwa za magetsi a galimoto, amene ali ndi galaja cha ku Mbedza. A Selemani anaima pafupi, maso ali pa zala za mayiyo, kuopa kuti angasinthe chitsulo chabwino n'kuikapo chakutha. Mayi Loyce anayamba ndi zapafupi. Anakoka kapeti kuona ngati sakukanikiza faya, anagwedeza waya wa faya, anamvetsera mapaipi a mpweya ngati pali pobooka. Anatsuka pakhosi pamene injini imakokera mpweya, koma kamuvi kanali m'mwamba momwemo. Kenaka analumikiza kamakina kawo koyezera.

"Vuto ndi aka," anatero, akuloza kabokosi kakuda kokhala m'mbali mwa khosi lija. "Sensa imeneyi ndi imene imauza kompyuta ya galimoto kuti phazi laponda faya motani. Ino ikunama. Inu phazi mwachotsa, iyo ikuti mwaponda, ndiye kompyuta ikuthira petulo."

"Ndiye kuti munthu anaipotokola," anatero a Selemani mwachangu.

Mayi Loyce anayang'ana timabawuti. "Utoto wa ku fakitale ulipobe, palibe anamasulapo apa." Anasolola pulagi ya sensayo. M'kati munali dzimbiri lobiriwira, ndipo ataigogoda pachikhatho panagwa kadontho ka madzi a thovu. Ananunkhiza. "Sopo uyu. Injini yoyera chonchi sindinaionepo. Akuitsuka ndi paipi ndani?"

Linali Loweruka, ndipo dzulo lake lomwe a Selemani anali ataisambitsa bwinobwino.

"Ndi Medson yemweyo," anatero a Dawood akupukusa mutu. "Paipi imakhala m'manja mwake. Munanena zoona, a Selemani. Ameneyo asadzapondenso pa sitolo panga."

Chala sichiloza mwini, ndipo njira yothawira inali itatseguka yokha. A Selemani akanangokhala chete, makiyi anali awo mpaka kalekale. Koma anaona thovu lija pachikhatho cha mayi Loyce, anakumbukira kuti sopo ameneyo amamuthira akukonzekera kukaima pamaso pa Mulungu. Anatembenukira kwa a Dawood.

"Bwana, Medson sanatsegulepo boneti imeneyi. Ndimatsuka ndine, Lachisanu lililonse, chipata nditatseka. Ndi momwe anandiphunzitsira bambo anu."

A Dawood sanakalipe, ndipo a Selemani akanakonda akanakalipa. Mayi Loyce anaweramira mu injini ngati sakumva, n'kumanga sensa ina. Atailiza galimoto, kamuvi kanakwera pang'ono, kenaka kanatsika n'kukhazikika, injini ikung'ung'udza pansipansi.

"Pitani ku Matawale mukamutenge," anatero a Dawood. "Mukamuuze nokha zimene mwandiuzazi, mkazi wake ali pomwepo. Pobwera ayendetse ndi iye."

Masiku ano mukakumana ndi galimoto ya a Dawood ikutsika phiri, pa chiwongolero pamakhala Medson. A Selemani amakhala pambali pake, atanyamula mabulosi a mayi Fatma pamiyendo, maso ali pa kamuvi kaja. Sikanadumphenso.