Swichi Imene Anaitseka Pakamwa

Tsiku limene Shamsia anachotsedwa ntchito ku City Centre, mlonda anamusecha chikwama pageti ngati wakuba. Mpaka lero ndikakumbuka, mtima umandiwawa.

Ntchito yake inali yoyang'anira maswichi awiri olumikiza makompyuta a kampani ina ya inshuwalansi ndi makina osungira mafayilo. Swichi yotere siifa mwakachetechete. Umaiikira malire: kutentha kukapyola apa, fani ikaima, chingwe chikayamba kutaya uthenga, iziliza foni ya woyang'anira. Shamsia anaika malire onsewo bwinobwino.

Vuto linali abwana ake, a Lawford, amene machenjezowo ankapita kufoni yawo. Mu Okutobala foni yawo inkalira pafupipafupi. Munthu ali pakhonde ku Area 12 akupuma, uku swichi ikudandaula za kutentha.

"Bwana, m'chipinda cha makina mukutentha. Eyakoni yafooka," anatero Shamsia.

"Iwe usandiphunzitse ntchito. Si iwe unkagulitsa kaunjika pamsika wa Tsoka?"

Patapita milungu iwiri swichi imodzi inapsa, inayo n'kudzizimitsa yokha, foni osalira n'kamodzi komwe. Masiku atatu amayi amasiye ndi okalamba ankabwezedwa pakauntala chifukwa mafayilo awo sankatseguka. A Lawford anauza akuluakulu kuti mtsikanayo anaiwala kuika malire. Basi, kalata pomwepo. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa mbali yake.

Dzina lake linanunkha m'maofesi monse. Kulikonse ankamva zomwezo: "Ndinu aja munaotcha swichi?" Anabwereradi pa Tsoka.

Musaganize kuti anakhululuka. Anali ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndi umene unkamutsegulitsa maphunziro a makompyuta pafoni kasitomala akangochoka. Mayeso anawalephera kamodzi, n'kulembanso, n'kukhoza. Kenako a Hamdani, a kakampani ka makompyuta ku Area 2, anamulemba ntchito yokoka zingwe m'madenga. Anakoka, osanyinyirika, mpaka anayamba kumupatsa maswichi.

Patatha zaka ziwiri, kampani ya inshuwalansi ija inaitana a Hamdani kuti adzaunike malire a maswichi awo. Iwo anatuma Shamsia.

Swichi yopulumuka ija inalipobe. Anthu ambiri sadziwa kuti makinawa amalemba aliyense wowakhudza. Shamsia anatsegula kaundula wake, n'kubwerera m'mbuyo mpaka Okutobala uja. Mzere unalipo: tsiku, nthawi ndi dzina la amene anazimitsa machenjezo onse.

Anauwerenga mokweza pamaso pa akuluakulu, a Lawford ali pomwepo.

"Mwana wanga, zakale izo," anatero a Lawford.

"Ine si mwana wanu, bwana. Ndine uja wa pa Tsoka. Munaitseka pakamwa swichi chifukwa inkakusokonezani. Inenso munanditseka pakamwa chimodzimodzi."

Choipa chitsata mwini. Shamsia anaika malire atsopano: chenjezo lizipita kumafoni atatu, ndipo wina akalizimitsa, awiri enawo azidziwa nthawi yomweyo. Akuluakulu anafuna kumubwezera ntchito yakale, koma anaikana. Anangopempha kalata imodzi yonena kuti sanaotche swichi, ndipo anakhala pampando mpaka inasainidwa.

Inu amene anakunamizirani chifukwa ndinu ochokera pansi, ndisakunamizeni kuti musakwiye. Kwiyani ndithu, koma mkwiyowo muupatse ntchito. Shamsia anadikira zaka ziwiri kuti awerenge mzere umodzi. Wanu uliponso penapake, osataya mtima musanaufike.