Chipinda Chogwira Netiweki

Nyumba ija sinali yanga, ndipo ndinkadziwa. Achimwene anaimanga kwathu ku Mpingu iwo ali pantchito m'tauni, ine banja litangotha. Anandipatsa makiyi n'kunena kuti, "Muziisunga, chiswe chingaidye." Kwathu zimatero: womanga amakhala ku Lilongwe, wosunga amakhala mlongo wake wosowa pogwira. Ndinaisunga zaka zisanu ndi zinayi, mpaka ndinaiwala kuti ndine mlonda chabe.

Korona itavuta, anatulukira ndi alamu, ana awiri ndi laputopu. Kuntchito anawauza kuti azigwirira kunyumba. Tsiku loyamba anazungulira nyumba yonse foni ili m'mwamba, ngati munthu wofufuza pomwe denga likudontha. Netiweki inakana pabalaza, inakana pakhonde, n'kukagwira pawindo la kuchipinda kwanga. Ndinaseka nawo tsiku limenelo, kupusa kwanga.

"Achemwali, mungotibwereka chipindachi masana okha," anatero achimwene. "Matendawa akatha tibwerera."

Masana okha aja anakula. Tebulo linalowa, bedi langa linatuluka. Ndinayamba kugona pabalaza, kenako m'chipinda chosungira mtedza, pakati pa matumba. Tambala wanga anamupha chifukwa ankalira nthawi ya misonkhano, mabwana a pakompyuta akumva. Ndiwoyo ndinadya nawo, mtima ukuwawa.

Tsiku lililonse ndinkatchera khutu ku wailesi, kudikira kuti alengeze zoti maofesi atsegulidwa. Kutchalitchi ndinkati ndikupempherera dziko lonse, koma kunena zoona ndinkapempherera bedi langa.

Matenda anachepadi. Masukulu anatsegulidwa, anthu anavula zotseka pakamwa. Tsiku lina ndikusenda mtedza pakhonde ndinalimba mtima. "Kodi achimwene, ku ofesi mubwerera liti?"

Anayang'ana pansi. "Ofesi kulibenso. Abwana anabweza nyumba ya ofesi ija kwa mwini wake, akuti ntchito ikuyenda bwino chonchi. Ifenso nyumba yathu ya lendi ija ku Lilongwe tinaisiya mwezi watha."

Ndikanakwiyira ndani? Njerwa ndi zawo, malata ndi awo, ndipo sanandithamangitse. Anangondimangira kachipinda kuseri, pafupi ndi khola la mbuzi, n'kupempha makiyi mwaulemu, akuti alamu asamavutike.

M'mawa mwake ndinapita kukatenga tsache langa lomwe ndinaliiwala pabalaza. Ndinafika pakhomo lomwe ndinalisesa zaka zonse zija, dzanja lili kale pachitseko. Ndinalibweza dzanjalo, n'kudzimva ndikunena kuti, "Odi."