Mabatani a Mayi Ndataya

Pa fakitale yosoka mayunifomu, munthu mmodzi yekha ndiye ankapuma Loweruka lomaliza la mwezi, ndipo ankamupeza pa makadi. Lachisanu masana makina akazima, antchito ankakankha nsalu pa tebulo lodulira n'kusewera poka. Ndalama sizinkalowapo. Aliyense ankatapa mabatani makumi atatu m'chitini, wokolola onse ndiye mwini Loweruka.

Wodula nsalu ankadziyesa katswiri, koma alamu ake, mayi osoka makolala, ankamuimitsa mutu. Anali atatha zaka khumi ndi zinayi pa makina amodzimodzi, magalasi awo omanga ndi ulusi. Ankangosuzumira makadi awo awiri n'kunena kuti ataya, mpaka dzina linakhala lomwelo: a Ndataya.

Ankati makadi abwino ngakhale mwana asewera, oipa ngakhale chitsiru chitaya. Ovula munthu malaya ndi apakatikati, aja okongola pamaso koma opanda msana. Amenewo ankalowa nawo pokhapokha akakhala omaliza kulankhula, ataona kale amene dzanja likumuyabwa, ndiponso polowera pakatchipa.

Loweruka la mwezi umenewo mwana wawo wamkazi ankalandira satifiketi ya unamwino. Anzawo anafuna kungowasiyira tsikulo, koma iwo anakana, amvekere sanabwere kudzapempha. Masewera anayamba, ndipo mabatani awo anayamba kutha pang'onopang'ono. Atatsala ndi asanu ndi atatu, iwo ali oyamba kulankhula, makadi amene anataya anagwa chagada: mfumu ndi teni. Wodula nsalu anawaona makadiwo. Iye akanalowa nawo osaphethira, makamaka mwana akudikira mawa.

"Alamu, mabataniwo mukuweta? Akuswerani liti?" anawaseka, kubisa mantha ake oti alamuwo aphonya tsiku la mwana wawo.

"Dulani zanu, alamu. Zanga ndisoka ndekha," anayankha osadzutsa mutu.

Kenako mpando wawo unakhala womaliza kulankhula. Anthu anayi anali atalowa ndi mabatani awiriawiri, iwonso anaponya awiri mwakachetechete. Pa tebulo panavundukuka makadi atatu ogwiritsa ntchito onse: faifi, eyiti ndi naini. Wodula nsalu, amene anabisa mafumu awiri kuti akole anzake, anakankha mulu wake. A Ndataya anakankha otsala awo, n'kugoneka sikisi ndi seveni. Makadi asanu anandandalika ngati msoko wa pa makina, ndipo awiri otsiriza kuvundukuka pa tebulo sanapulumutse mafumu aja.

Wodula nsalu anangoti kukamwa yasa. Timakadi tonyozeka timeneto pa mpando wina tikanapita kudzala, apa tinagwetsa mafumu. Anayang'ana manja a alamu akewo: anali okhazikika ngati akulowetsa ulusi pa singano.

Kuchokera apo anawadya mmodzimmodzi, osafulumira. Belu likulira, mulu wonse unali patsogolo pawo. Anausesera m'chitini, n'kupukuta magalasi ndi nsonga ya epuloni.

"Alamu," anatero akubwerera ku makina, "mawa makolala anga muwapeza pa mpandopo. Musakhotetse."