Pulasitala pansi pa laputopu

Achemwali anga, amene anandilera mayi atamwalira, ankatayipira anthu makalata m'kashopu kawo ku Thambani. Laputopu yomwe ankagwiritsa ntchito ndinawapatsa ndine nditangoyamba ntchito ku Blantyre. Inawatumikira zaka ndithu, koma kenako inakalamba: ukaiyatsa, unkatha kupita kukagula machesi n'kubwerako isanadzuke.

Tsiku lina ndinafika ndi matama anga onse. Ndinali nditagula sisitimu yatsopano, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse, pamodzi ndi kiyi wake wa manambala. Ndinasamutsira makalata awo pa fulashi, n'kuyamba kufufuta zonse za m'kati.

"Iwe, yakaleyo osaisiyako?" anafunsa achemwali.

"Izi tisiyireni ife," ndinatero. Pakamwa panga pamanditsogolera kuyambira ndili mwana.

Yatsopanoyo inalowa bwinobwino, koma nditalemba kiyi, inakana. Ndinalembanso, inakananso. Apo m'pamene ndinawerenga modekha pa chikuto chake. Laisensi yotchipa imene ndinagulayo inali yongokwezera: imafuna ipeze sisitimu yakale ili momwemo, iyo ikhale pamwamba. Ine yakaleyo ndinali nditaisesa ndi manja angawa. Sidi yoibwezeretsera ndinali nayo m'chikwama, koma inkafunanso kiyi wake, wolembedwa pa kastika ka pansi pa laputopu. Timastika timeneti sitichedwa kufufutika, makamaka pa makina oti amayenda panjinga tsiku ndi tsiku.

Mawa lake linali tsiku la msika, tsiku limene achemwali ankapezera chakudya cha ana awo. Ndinachita mantha, sindikubisa. Ndinawauza zonse maso ali pansi.

Sanandikalipire. Anangoti, "Tayitembenuza."

Pansi pake panali pulasitala, wa pabala weniweni, wakuda ndi fumbi.

"Nayonso inavulala?" ndinafunsa, kuyesa kuseka.

"Matula pang'onopang'ono, usathamange ngati mmene wachitira muja."

Ndinamatula. Pansi pa pulasitalayo panali kapulasitiki kodulidwa ku jumbo ya shuga, ndipo pansi pa kapulasitikiko panali kastika kaja, manambala onse akuoneka ngati alembedwa dzulo.

"Tsiku lija unaibweretsa unati kapepala aka kakadzafufutika ndiye kuti makina atha," anatero. "Ndiye pulasitala akayamba kumatuka ndimaikapo wina."

Ine mawu amenewo sindinkawakumbukira n'komwe. Mwina ndinawanena ndikuthamangira matola, mwendo umodzi uli kale panja. Iwo anawasunga zaka zonsezi.

Ndinaika yakale ija, kenako yatsopano pamwamba pake, ndipo dzuwa lisanapendeke kiyi analola. Achemwali anatsegula dilowa, n'kutulutsa pulasitala watsopano. Anang'amba pepala lake ndi mano, anabwezera kapulasitiki pamalo pake, namata n'kusisita ndi chala chachikulu, ndendende mmene ankachitira pa maondo anga ndikagwa. Atamaliza, osazindikira n'komwe, anawerama n'kuuzirapo.