Nthambi Panjira M'chaka cha Chimfine

Mpaka lero ndikamva fungo la masamba a bulugamu akuwira, mtima wanga umabwerera ku Domwe, m'nyumba ya amayi, m'miyezi ya chisanu ya chaka chimene chimfine chinasesa dziko. Fungo lija linkalowa paliponse, m'mabulangete, m'tsitsi, ngakhale m'mbatata ya kachewere imene tinkaotcha paphulusa. Amayi, amene mudzi wonse unkawaitana kuti aNambewe, ankawiritsa masambawo mumphika waukulu wophikira thobwa, n'kutifunditsa bulangete kumutu kuti atifukize. M'katimo munali mdima, kutentha, ndi mlongo wanga wamng'ono Zuze akundikanda kuti atuluke. Ine ndinali kamtsikana kogweluka mano akutsogolo, kolongolola kosapuma, ndipo za kulongololazo sindinasinthe.

Inali nthawi ya nkhondo. Anafe sitinkadziwa kuti akumenyana ndi ndani. Tinkangoti anthu a mfuti, ndipo akuluakulu anatiphunzitsa kusafunsa kuti ndi a mbali iti. Bambo anali atawolokera kale ku Dedza, kumene ankanyamulira anthu katundu panjinga pachipata cha m'malire cha Kalomwe. Otsalafe, dzuwa likapendeka, tinkasiya nyumba n'kutsikira kuchigwembe cha kuseri kwa minda, m'nsenjere. Kumeneko moto sunkayatsidwa, khanda silinkaloledwa kulira, ndipo wofuna kutsokomola ankameza chifuwa chake. Chisanu cha kwathu kumapiri musachimve. Tinkadzuka udzu utayera ngati wawazidwa ufa, zala zosapindika, n'kukwera kumudzi kukaona ngati nyumba zikadalipo.

Anthu ankati chimfinecho chinabwera ndi koluna, mdipiti wa malole umene unkachokera ku Tete moperekezedwa ndi asilikali. Chinayamba ndi ogulitsa pamsika wa Ulongwe, chinagwira osintha ndalama pa Kalomwe, kenaka chinakwera kwathu ndi anthu ogula mbatata. Akatekisiti athu, a Berinado, anali ndi kawailesi kamene mabatire ake ankawaanika padzuwa kuti atsitsimuke. Iwo ndiwo ankatiuza kuti ku Beira nakonso anthu ali chigonere, ku Nampula chimodzimodzi. Ankachitchula kuti giripe, poti anaphunzira ku misiyoni, koma ife tinkangoti chimfine. Komatu sichinali chimfine chija cha mamina chimene mwana amasewera nacho panja. Ichi chinkaphwanya mafupa, thupi n'kutentha ngati mbaula, ndipo okalamba ndi makanda chikawatsikira m'chifuwa ambiri sankadzuka.

Sikola inatsekedwa aphunzitsi athu, apulofesolo, atasasa mawu. Ku posito, kachipatala kathu, kunalibe ngakhale kam'bulu kamodzi ka mankhwala. Pamapemphero a Lamulungu a Berinado analetsa kupatsana chanza, anthu n'kuvomera ndi mitu, koma potuluka panja ankapatsanabe, chifukwa mlamu wako ungamuone bwanji manja uli pindepinde. Kumaliro nakonso palibe ankajomba. Munthu ankapita kukalira mnzake ali bwinobwino, pobwerako akuyetsemula.

Kwathu anayamba ndi Zuze. Anatsokomola kuchigwembe kuja, chifuwa chouma chomveka kutali, amayi n'kumutseka pakamwa ndi kapulana, chitenje chawo, mpaka mwana maso kutuzuka. Kutacha, azakhali a Filomena, mlongo wawo wa bambo, anabwera kudzalankhulira anthu onse. Anali munthu wa pakamwa polasa koma wa mtima wabwino, ndipo tsikulo ankalankhula akuyang'ana pansi.

"Mlamu, musandione kuipa. Mwanayu atiphetsa tonse."

Amayi sanatsutse. Anati azakhali anena zoona, ndipo kuyambira madzulo amenewo ife sitinatsikirenso kuchigwembe.

Ndinene mosabisa, ine ndinakondwa zedi. Tinagona m'nyumba, pamphasa, moto uli lawilawi, mapazi akumva kutentha kwa nthawi yoyamba chiyambire chisanu. Nanenso chimfine chinandigwira, koma chinandipeza ndili pabwino. Posakhalitsa amayi ena anayamba kubweretsa odwala awo. Ankafika madzulo mwana ali kumsana, n'kumutsitsa pakhonde mwamanyazi, iwo n'kuthamangira kuchigwembe ndi ana otsala. A Berinado anabwera okha ndi miyendo yawo, kawailesi kali kukhwapa, n'kunena kuti nawonso awathamangitsa. Nyumba yathu inasanduka ya otsokomola okhaokha.

Masiku amenewo ndimawakumbuka ngati chikondwerero. Ku sikola kunalibe, kotunga madzi kunalibe, ndipo wodwala sakalipiridwa. Tinkapikisana kuti wotsokomola mokweza ndani, ndipo ankapambana nthawi zonse anali a Berinado, amene mawu awo anali atasanduka a chule. Amayi ankatimwetsa madzi otentha a mandimu, n'kutipaka phulusa lofunda pachifuwa. Anapha tambala wathu wamkulu, ati msuzi wake ndi mankhwala, ngakhale ndikuganiza kuti analakwanso kulira kwambiri m'mudzi wofuna kuoneka wopanda anthu. Chimene chinkasowa ndi mchere basi. Unali utatha kalekale m'dera lonse, moti mbatata tinkangoidya yozizira m'kamwa, msuzi wa tambala uja nawonso chimodzimodzi.

Koma nyumba yofuka utsi pakati pa nyumba zotseka imaitana alendo. Izi aliyense ankazidziwa, ngakhale ine. Ndiye kunabwera mbiri yoti anthu a mfuti atentha mudzi wa kuseri kwa phiri, atenga achinyamata oti awasenzere katundu, ndipo akulowera kwathu kuno. M'nyumba mwathu munalibe woti n'kuthawa. Zuze anali atafooka, nthiti zikukoka, ndipo a Berinado sankathanso kufika kuseri popanda kuwagwira mkono.

Masana a tsiku limenelo amayi anatenga chikwanje. Anadula nthambi zamasamba aawisi n'kuziyala chopingasa panjira yolowera kwathu, kumtunda ndi kumunsi komwe. Kwathu nthambi zotero zimanena chinthu chimodzi chokha, kuti pakhomo pano pagwa maliro. Wapanjinga amatsika, wa chipewa amavula, ndipo ngakhale woledzera amatsitsa mawu. Azakhali a Filomena ataziona anathamangira kwathu mpango uli m'manja, akuyesa kuti Zuze watisiya. Atamupeza akupuma anakhala pansi, kenaka ukali unawabwerera.

"Mlamu, mwapenga kodi? Nthambi sizigona panjira pachabe. Mwawaitana maliro, ndipo sabwerera opanda munthu."

Amayi anangoti akudziwa. Ndipo ankadziwadi. Anali Mkatolika wa kolona m'khosi, koma zinthu zimenezi sankasewera nazo. Ndi amayi omwewa amene anandikwapula ndi kamtengo ka pichesi atandipeza ndikukwirira chitsononkho n'kumachiimbira nyimbo ya maliro, ati ndikulodza pakhomo.

Anthu a mfuti anafika m'mawa mwake, nkhungu isanachoke m'minda. Tinayamba kumva mbuzi zikulira kumtunda, kenaka zitseko zikumenyedwa. Amayi anatiuza kuti tigone pansi, iwo n'kutuluka, n'kutseka chitseko kumbuyo kwawo. Ine ndi khalidwe langa lija sindikanagona. Ndinakwawira pachitseko n'kuika diso pamng'alu. Ndinawaona amayi atakhala pansi pafupi ndi khonde, miyendo atatambasula, mutu uli pambali, mmene amakhalira anamfedwa.

Anthu aja anatulukira m'nkhungu ali mndandanda, ena ovala nsapato, ena opanda. Atafika panthambi paja woyambayo anaima, enawo n'kuima pambuyo pake. Anakambirana pang'ono, kenaka mmodzi anadumpha nthambizo n'kubwera yekha. Anali mnyamata ndithu, wosamera ndevu, mfuti ikumulemera, ndipo nayenso mphuno zinali zikuchucha. Anaima chapatali n'kufunsa m'chilankhulo chathu chomwechi, mwaulemu ngati mwana woleredwa bwino.

"Maliro ndi a yani, mayi?"

M'nyumba Zuze anatsokomola, a Berinado n'kulandira, ana enanso n'kutsatira, poti chifuwa sichimva lamulo. Ine ndinkadikira kumva dzina. Ndinkaganiza kuti atchula a Berinado chifukwa ndi okalamba, kapena Zuze chifukwa ndi amene anali pafupi.

"Ndi a mayi a nyumba ino, aNambewe," anatero amayi. "Chimfine chomwechi. Otsalawo ndi amene mukuwamvawo."

Mnyamata uja anavula chipewa. Anzake kumbuyo anali atayamba kale kudzitseka mphuno ndi malaya, akumuitana kuti abwerere. Iye anapisa m'thumba, anatulutsa kansanza komanga mfundo, anawerama n'kukaika pansi monga amachitira wopereka chipepeso pamaliro. Anati pepani, n'kubwerera chafutambuyo. Gulu lonselo silinadutse panjira yathu. Analambalala cha kuminda, n'kupita ndi mbuzi zonse za azakhali.

M'kansanza kaja munali mchere. Mayo ine, chisangalalo chake! Ndinavina m'nyumba monse ndikufotokozera odwala anzanga mmene amayi awapusitsira asilikali, kuti anena kuti afa pamene ali chikhalire pamaso pawo. Ndinkayerekeza mawu a mnyamata uja, kuvula chipewa chimene ndinalibe, ana n'kumaseka mpaka kutsamwa. Tinasenda mbatata yootcha n'kumaigunditsa pamchere pang'onopang'ono, ndipo sindinadyeponso chinthu chokoma chotero, ngakhale pa ukwati wanga. Zuze, amene ankakana chilichonse, tsiku limenelo anadya. Amayi okha ndiwo sanalawe. Anati sakumva njala. A Berinado anawayang'ana nthawi yaitali, n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Azakhali atakwera kuchokera kuchigwembe n'kumva nkhani yonse kwa ine, analira mokweza atagwira amayi m'mapewa, ine n'kumati akulira mbuzi zawo.

Dzuwa litatentha amayi anandiitana kuti tiyende pang'ono. Anandionetsa pansi pa nkhokwe pamene anakwirira mtsuko wa mbewu ya nyemba, ndi mmene ndingaufukulire osauswa. Anandibereketsa Zuze n'kundiphunzitsa kumanga mfundo pachifuwa kuti asapulumuke pokwera mtunda, ndipo anandimasulitsa n'kundimangitsanso mpaka nditakhoza. Tinaima pachulu cha kuseri kwa nyumba, iwo n'kundilozera phiri la Dedza, njira yodutsa kudambo yopewa msewu, n'kundiuzanso dzina limene anzawo apanjinga ankawaitanira bambo. Pobwerera anatsegula bokosi lawo n'kutulutsa kapulana ya Lamulungu, ya maluwa ofiira ija sankalola kuti ndiikhudze. Anandikulunga nayo m'chiuno, anaipinda kawiri chifukwa inkakwekwereza pansi, n'kunena kuti ndikula nayo. Madzulo anandisiyira mthiko, iwo ali pambali kumandiuza pothira madzi. Tsiku lonselo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, ndikulamula ana anzanga ngati mwini nyumba.

Patapita masiku ochepa chimfine chinawagwetsa nawonso. Anagona pakona osadandaula, osapempha kanthu, ngati munthu amene ngolo yomwe ankaidikira yafika. Azakhali anasiya zogona kuchigwembe, anasamukira kwathu, anachotsa nthambi zija panjira n'kukazitaya kutali. Ankawamwetsa phala mokakamiza, uku akuwakalipira kuti asayerekeze kuwasiyira ana a eni ake. Kaya ndi phalalo, kaya ndi kukalipako, kaya ndi mapemphero a mawu a chule a a Berinado, amayi anadzuka. Zuze anadzuka, ndipo m'nyumba mwathu simunatuluke mtembo, ngakhale kumanda a mudzi wathu mitumbira yatsopano inachuluka chaka chimenecho. Mvula isanagwe tinawoloka kukawapeza bambo, mtsuko wa nyemba uli pamutu pa amayi, Zuze ali kumsana kwanga.

Amayi anakhala moyo mpaka kunyamula zidzukulu. Zaka zonsezo nkhani ya maliro abodza ndinkaikamba ngati nthabwala, pa zikondwerero, pa maukwati, paliponse pamene ndapeza makutu. Anthu ankaseka, koma amayi nthawi zonse ankapeza chochita kukhitchini. Tsiku lina atakalamba, tikusola nyemba pakhonde titabwerera kwathu ku Domwe, ndinawafunsa chifukwa chimene sanangopekera dzina lina lililonse, poti mnyamata uja sankadziwa aliyense wa ife.

"Dzina lopeka lili ndi mwini wake kwinakwake," anatero, maso ali pa lichero. "Nayenso ndi mwana wa munthu. Langa ndi lokhalo limene ndikanatha kupereka."

Anapitiriza kusola nyemba zawo, ine manja ataima. Tsiku lija la mtsuko, la mfundo ya pachifuwa ndi kapulana ya maluwa ofiira, ine ndinkayenda monyada ndikuti amayi aona kuti ndakula. Iwo ankanditsanzika.